Kugwiritsa ntchito acupuncture pa ululu wa m'chinena wobwera ndi endometriosis kuno ku Mangochi

Mayi amene mwezi uliwonse amagona masiku awiri kapena atatu atapinda mawondo, osatha kupita kumsika ngakhale kukatunga madzi, kawirikawiri amangouzidwa kuti ndi cham'mimba, chidzatha akadzabereka. Ena mwa amayi oterewa ali ndi endometriosis. Pa matendawa, timinofu tofanana ndi ta m'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake: pa mabasiketi a mazira, kuseri kwa chiberekero, pa chikhodzodzo, mwinanso pa matumbo. Timinofuti timamvera mahomoni a msambo, makamaka estrogen, ndiye mwezi ukakwana timatupa ndi kukha magazi m'mimba momwemo mopanda potulukira. Zaka zikamapita pamabwera zipsera zomwe zimamatiriza ziwalo, minofu ya m'chiuno imakungika, ndipo mitsempha imafika pomva ululu ngakhale pa chinthu chaching'ono. Bungwe la WHO limati mayi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka ali ndi vutoli, anthu pafupifupi 190 miliyoni pa dziko lonse.

Acupuncture ndi njira yochokera ku China yobaya singano zoonda kwambiri pa malo osankhidwa a thupi. Singano yake ilibe bowo, simudutsa mankhwala, ndipo kunenepa kwake ndi mamilimita 0.25 kapena 0.30, pafupifupi ngati ulusi wa mbedza. Si jakisoni, komanso si mphini: sacheka khungu ndipo sapakapo kanthu. Akatswiri a ku China amati imatsegula magazi ndi mphamvu zimene zaima m'chinena. Madokotala a masiku ano amati singano imadzutsa mitsempha, thupi n'kutulutsa mankhwala akeake oletsa ululu otchedwa endorphin, ndipo msana ndi ubongo zimachepetsa kukweza uthenga wa ululu.

Tinene poyera pano pomwe. Acupuncture siichotsa endometriosis, siiphwetsa chotupa cha pa basiketi la mazira, ndipo siitsegula machubu otsekeka. Chimene ingakuchitireni ndi kuchepetsa ululu, makamaka wa nthawi ya msambo, pa miyezi imene mukubayidwa. Kwa mayi amene amataya masiku atatu mwezi uliwonse, chimenecho si chinthu chochepa, bola achite mwadongosolo.

Yambirani kuchipatala

Kuno kwathu kuli chifukwa chapadera chosathamangira kunena kuti ululu wa m'chinena ndi endometriosis. Amayi ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire amachapa, kutsuka mbale ndi kutunga madzi momwe muli nkhono zofalitsa likodzo. Mazira a tizilombo ta likodzo sathera m'chikhodzodzo mokha, amakakhazikikanso pa khomo la chiberekero, m'njira yoberekera ndi m'machubu. Zotsatira zake ndi kuwawa m'chinena, kuwawa pogonana, timagazi mukatha kukhala ndi abambo, chikazi chachilendo, ngakhale kusabereka. Mkodzo ukhoza kuoneka woyera bwinobwino, ndipo poyeza sangapezemo mazira nthawi zonse. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza kuti mayi wolemera makilogalamu 60 amamwa mapilitsi anayi a mamiligalamu 600, atadya kaye. Kubayitsa singano miyezi itatu pa ululu umene gwero lake ndi likodzo ndi kutaya ndalama, kwinaku mazirawo akupitiriza kuononga.

Palinso matenda opatsirana pogonana amene akwera mpaka m'machubu, zotupa za m'chiberekero, ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri pa dziko lonse. Choncho tengani buku lanu la kuchipatala mupite pa chipatala chapafupi kapena cha boma pa Mangochi. Fotokozani ndondomeko ya ululuwo, osangoti m'mimba mukuwawa. Nenani ngati umayamba msambo usanafike, ngati mumamva kuwawa pochita chimbudzi kapena pokodza masiku amenewo, ngati pogonana mumamva kubaya m'kati, komanso ngati mwakhala mukufuna mwana osatheka. Pemphani kuyezedwa mkodzo, mimba ndi khomo la chiberekero, ndipo mujambulidwe sikani.

Sikani imaonetsa zotupa za endometriosis za pa mabasiketi a mazira, zomwe mumakhala magazi akale akuda, koma timinofu ting'onoting'ono ta pa khoma la m'mimba siitiona. Sikani ikatuluka bwino sizitanthauza kuti mulibe matendawa. Njira yoonera bwino ndi laparoscopy, opaleshoni yolowetsa kamera kudzera pa kabowo ka pa mchombo, ndipo nkhani yake mukakambirana ndi madokotala a amayi akakutumizani ku Zomba Central kapena ku Gulupu ku Blantyre. Komabe malangizo a 2022 a bungwe la ESHRE la akatswiri a za ubereki ku Ulaya amalola dokotala kuyamba kupereka mankhwala potengera zizindikiro, osadikira opaleshoni.

Zizindikiro izi zokha musapite nazo kwa wa singano, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo: ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi mutadumphitsa msambo, makamaka ngati pali chizungulire kapena kuwawa paphewa, chifukwa ikhoza kukhala mimba ya m'chubu imene yaphulika, kutentha thupi pamodzi ndi chikazi chonunkha, ululu woopsa wobwera ndi kusanza, womwe ungakhale chotupa chopotokola, ndi kutaya magazi kodzaza padi ola lililonse.

Zimene kafukufuku wapeza

Mu 2011 gulu la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasanthula kafukufuku 24 wokhudza nkhaniyi, ndipo mmodzi yekha, wa amayi 67 amene ankabayidwa m'makutu, ndi amene anakwanira pa muyezo wawo. Umboni unali wochepa kwambiri. Kuchokera apo pachitika kafukufuku wabwinoko. Wofalitsidwa mu 2023 m'magazini ya Fertility and Sterility anachitikira ku China pa amayi 106 a zaka 20 mpaka 40. Theka linalandira acupuncture yeniyeni, theka lina yongoyerekeza, kwa milungu 12. Amene analandira yeniyeni ululu wawo wa msambo unatsika kwambiri kuposa anzawo, ndipo sunkatenga nthawi yaitali ngati kale. Koma pa ululu wa masiku opanda msambo ndi wa pogonana, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, ndipo atasiya kubayidwa phindu lija linayamba kuzilala.

Zimenezi n'zomveka. Ululu wa msambo umabwera ndi kutupa komanso kukokana kwa chiberekero, zinthu zimene mitsempha ingathe kuzichepetsa. Ululu wobaya m'kati pogonana nthawi zambiri umachokera pa kachotupa kolimba kuseri kwa chiberekero kapena pa ziwalo zomatirirana, ndipo singano ya pamwendo singasunthe zimenezo. ESHRE nayo mu 2022 inati umboni sunakwane woti ilimbikitse acupuncture kapena njira ina yosakhala ya mankhwala, ngakhale inalangiza madokotala kukambirana njirazi ndi odwala. Maganizo athu ndi akuti ngati vuto lanu lalikulu ndi masiku a msambo, ndipo mankhwala sakukwanira kapena akukuvutani m'thupi, kuyesa n'koyenera. Ngati vuto lalikulu ndi kusabereka, musathere nthawi pa singano.

Mankhwala amene dokotala wakupatsani musasiye. Ibuprofen wa mamiligalamu 400 katatu pa tsiku mutadya, kuyambira tsiku limodzi msambo usanafike, amagwira bwino kuposa kumwa ululu utakula kale. Musamuphatikize ndi diclofenac, ndipo a zilonda za m'mimba, a vuto la impso ndi oyembekezera asamwe. Mapilitsi olera, jakisoni wa Depo, implanti ndi lupu ya mahomoni ndi zimene zimagonetsa timinofu tija. Acupuncture imayenda limodzi ndi zonsezi popanda kulimbana nazo.

Kusankha wobaya

Anthu ophunzira bwino ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'mizinda. Magulu a madokotala ochokera ku China akhala akugwira ntchito ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Mzuzu Central kuyambira 2008, ndiye ngati muli ndi wachibale kumeneko angakufunsireni. Ena mwa a mafizo anaphunziranso kubaya singano pa minofu yokungika, zomwe zimathandiza ngati pamimba kapena m'matako muli malo olimba amene mukawadina ululu umathamangira m'chinena. Funsani dokotala wanu kapena a mafizo a pa chipatala kuti akulozereni.

Mukamupeza, funsani kumene anaphunzira ndi kutalika kwa maphunzirowo, ndipo muone satifiketi. Maphunziro a masiku atatu sakwanira pa munthu wobaya pamimba. Ngati akuti ndi dokotala, kiliniko ofesa kapena wa mafizo, akhale ndi chiphaso cha Medical Council of Malawi cha chaka chimenecho. Mumvetserenso mafunso ake. Wodziwa ntchito amafunsa tsiku limene munayamba msambo womaliza, mankhwala amene mukumwa, opaleshoni imene munachitidwapo, ndi zotsatira za sikani. Amene sakufunsa za mimba musamulole kukukhudzani.

Pa ukhondo palibe kunyengerera. Singano iliyonse ituluke m'paketi yomata imene akuitsegula inu mukuona, pa paketipo pakhale tsiku lothera ntchito, ndipo akamaliza aziponye m'bokosi lotayiramo majakisoni. Singano zoviikidwa mu sipiriti, zowiritsa, kapena zimene akuti akusungirani m'botolo lolembedwa dzina lanu, zikaneni. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposerapo, ndipo sipiriti wongopukutira sakwanira kuyeretsa singano yomwe yalowa mwa munthu. HIV nayo imadutsa njira yomweyo. Amene ali pa ma ARV angathe kubayidwa bwinobwino, ukhondo wake ndi womwewo kwa aliyense.

Chenjerani ndi amene amakugwiritsani kachitsulo kolumikiza ku kompyuta n'kukuuzani kuti aona matenda onse a m'thupi, kenako n'kukugulitsani mabotolo a mankhwala. Palibe makina ogwira m'manja amene amaona endometriosis. Mankhwala azitsamba a ku China nawonso ndi nkhani ina, yosiyana ndi singano. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, linanena mu 2017 kuti umboni wakuti amathandiza pa matendawa palibe, ndipo ena amalimbana ndi ma ARV kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Kukonza masiku ndi ndalama

Kubayidwa kamodzi kapena kawiri sikuonetsa kanthu. Pali ndondomeko ziwiri zimene zayesedwa. Yoyamba ndi kawiri pa mlungu kwa milungu 8, kukwana ka 16. Yachiwiri, ya kafukufuku wa 2023 uja, imatsata mwezi wa mayi: katatu pa mlungu kwa milungu 12, kuyambira mlungu umodzi msambo usanayambe, komanso tsiku lililonse la ululu msambo uli m'kati. Kwa munthu wochokera ku Makanjira, Namwera kapena Monkey Bay amene ayenera kupita kutali, ndi bwino kukakhala kwa abale pafupi ndi wobayayo pa masiku a msambo. Kukwera minibasi maola angapo tsiku loyamba la msambo kungabweze ululu umene singano yachotsa.

Musanayambe, tengani mtengo wa ulendo umodzi, muonjezepo thiransipoti ndi chakudya, muchulukitse ndi chiwerengero cha maulendo a ndondomeko imene mwasankha. Ngati ndalamayo simungaikwanitse yonse, ndi bwino kudikira kapena kuiika pa sikani ndi mankhwala kusiyana ndi kuyamba n'kulekera pa ulendo wachinayi.

Gulaninso kope laling'ono, ndipo muyambe kulembamo mwezi umodzi musanabayidwe. Madzulo alionse lembani deti, ngati muli kumwezi, ululu pa muyezo wa 0 mpaka 10, mapilitsi amene mwamwa, ndi ngati mwalephera kugwira ntchito. Pa muyezowu 0 ndi kusamva kanthu, 5 ndi ululu wokusokonezani koma mukuyenda, 8 ndi wokugonetsani. Popanda kopeli simudzadziwa ngati mwathandizidwa, chifukwa mwezi wa ululu ukadutsa mutu umaiwala kukula kwake.

Pali msampha umodzi umene amayi ofuna mwana ayenera kuudziwa. Mlungu wotsala kuti msambo ufike, womwe ndi nthawi yobayidwa, ndi nthawi yomweyo imene mimba yongoyamba kumene siinadziwike. Malo a pansi pa mchombo, a kumsana kwa chiuno, ndi malo otchedwa SP6 pamwendo ndi LI4 padzanja amapewedwa kwa oyembekezera. Ngati simukulera ndipo mukukhala ndi abambo, muuzeni wobayayo kuti asinthe malo pa theka lachiwiri la mwezi, ndipo msambo ukachedwa ngakhale ndi masiku awiri yezetsani mimba musanabwererenso.

Tsiku lobayidwa

Idyani kanthu kopepuka ola limodzi kapena awiri musanafike, kaya phala kaya nthochi. Ambiri amene amakomoka pa bedi amakhala abwera ndi njala, atopa ndi ulendo, kapena ali ndi mantha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa kuno kumaonjezera vutoli, ndiye imwani madzi okwanira m'mawa. Amene akusala m'mwezi wa Ramadani apemphe nthawi ya m'mawa kwambiri kapena atafutulu. Valani siketi yotakasuka ndipo mutenge chitenje chofunda, poti malo ofunika kuoneka ndi pamimba kuyambira pa mchombo kutsika, ndi miyendo kuyambira m'mawondo. Simufunika kuvula zonse, ndipo acupuncture siibayidwa kumaliseche. Muli ndi ufulu wopempha wobaya wamkazi kapena kulowa ndi mchemwali wanu.

Musanakwere pa bedi katayeni madzi. Chikhodzodzo chodzaza chimakwera pamwamba pa fupa la chinena, pomwe pali malo ena obaya, ndipo singano ikhoza kuchifika.

Mumagona chagada, pansi pa mawondo pataikidwa pilo kuti minofu ya pamimba imasuke. Wobayayo asambe m'manja, apukute khungu ndi sipiriti, adikire kuti liume. Singano zambiri zimabwera ndi kachubu ka pulasitiki: amaika kachubuko pa khungu, n'kugogoda mutu wa singano ndi chala, singano n'kulowa. Mumamva kutsina pang'ono. Akaitembenuza pang'onopang'ono mumamva kulemera, dzanzi, kapena kukoka kofalikira, chimene Atchaina amachitcha deqi, ndipo n'chimene amafuna. Koma mukamva kubaya kwakuthwa, kutentha, kapena kugwidwa ngati magetsi mpaka ku zala, nenani nthawi yomweyo. Pamenepo singano yagunda mtsempha ndipo iyenera kubwezedwa pang'ono. Kupirira sikuonjezera phindu.

Kawirikawiri singano zimakhala 8 mpaka 16, zotalika mamilimita 25 kapena 40, ndipo zimakhala m'thupi mphindi 20 mpaka 30. Musasunthe miyendo kapena kudzuka kuti muyankhe foni, chifukwa mnofu ukakungika singano imapindika kapena kukanirira. Funsani kuti alowetsa zingati, ndipo pochotsa muwerengere limodzi. Kuiwala singano pamwendo kapena pansi pa chitenje kumachitika wobaya akakhala ndi anthu ambiri.

Malo amene amabayidwa

Tikuwalongosola kuti muzitha kutsatira zimene zikuchitika pa thupi lanu, osati kuti mudzibaye nokha. Poyeza amagwiritsa ntchito zala za wodwalayo, osati za wobaya.

Pamimba, mtunda wochokera pa mchombo kufika pa fupa la chinena amaugawa magawo asanu. CV6 ili gawo limodzi ndi theka pansi pa mchombo, CV4 pa gawo lachitatu, CV3 pa lachinayi, zonse pa mzere wapakati. Pa mulingo wa CV3 womwewo, kupita m'mbali magawo awiri pali ST29, magawo atatu pali Zigong. Apa singano imalowa sentimita imodzi kapena awiri, ndipo kwa mayi woonda iyenera kukhala yosazama, popeza kuseri kwa khoma la mimba kuli matumbo. Ngati sikani inaonetsa chotupa chachikulu, ngati kapamba wanu ndi wotupa, kapena bala la opaleshoni silinapole, nenani poyamba kuti wobayayo apewe malowo.

Pamwendo, malo odziwika kwambiri pa nkhani za msambo ndi SP6, kapena kuti Sanyinjiao. Ikani zala zinayi pamwamba pa kafupa ka m'kati ka kakolo, ndipo pamene pathera chala chapamwamba, kuseri kwa fupa la msongolo, ndi pamenepo. Amayi ambiri a cham'mimba amamva kuwawa akangodinapo. SP8 ili m'mwamba pa mzere womwewo, zala zinayi pansi pa kadzenje ka m'kati mwa bondo, ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa tsiku la ululu. SP10 ili pa ntchafu, pamwamba pang'ono pa bondo cham'kati. ST36 ili zala zinayi pansi pa bondo, kunja kwa msongolo. LR3 ili pamwamba pa phazi, m'kadzenje ka pakati pa mafupa a chala chachikulu ndi chachiwiri, ndipo LI4 ili padzanja, pa mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.

Ngati ululu umazungulira kumsana kapena kutsikira m'ntchafu, amakugonekani chafufumimba kapena cham'mbali n'kubaya BL32, pa kabowo kachiwiri ka fupa la pansi pa msana. Mitsempha yopita ku chiberekero, chikhodzodzo ndi matumbo akumunsi imatulukira dera limeneli, n'chifukwa chake malowa ali ndi tanthauzo ngakhale kwa amene satsatira chiphunzitso cha ku China.

Ena amalumikiza timawaya pa singano n'kudutsitsa magetsi ochepa a batire. Muyenera kumva kugunda kofatsa, osati kuwawa, ndipo amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda kapena matenda akugwa asalandire zimenezi. Ena amaotcha chitsamba chouma pafupi ndi khungu la pamimba kuti patenthe. Chimatonthoza, koma chimapsereza ngati phulusa lagwa, ndiye nenani msanga kutentha kukapitirira. Palinso timbewu tomata m'khutu ndi pulasitala, toti muzidina kunyumba. Tichotseni pakatha masiku atatu mpaka asanu, ndipo m'nyengo ya thukuta musatisunge masiku onse asanu. Khutu likafiira ndi kutupa pitani kuchipatala, chifukwa chichereŵechereŵe cha khutu chikalowa mafinya chimavuta kuchira.

Zimene zimalakwika

Zofala ndi kadontho ka magazi ndi kuderako kwa khungu pomwe singano yagunda kamtsempha ka magazi. Dinani ndi thonje mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kuderako kumatha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Omwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, kapena amene magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuuma, anene asanayambe. Ena amamva tulo kapena kufooka akamaliza, choncho khalani pansi mphindi 10 musanakwere kabaza. Ena ululu umakwera kaye tsiku limodzi kapena awiri, makamaka pa maulendo oyamba. Ukapitirira apo, uzani wobayayo achepetse singano ndi kutembenuza.

Mukayamba kumva nseru, thukuta lozizira kapena mdima m'maso, lankhulani. Wobayayo achotse singano zonse, akugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba, ndipo mukatsitsimuka mumwe chakumwa cha shuga. Ulendo woyamba musalole kubayidwa mutakhala pa mpando.

Pa malo obayidwa pakafiira, kutentha ndi kutupa patapita masiku awiri kapena atatu, ndiye kuti palowa tizilombo, ndipo mufunika mankhwala a kuchipatala. Tsiku lobayidwa musalowe m'nyanja kapena kupaka mafuta pamalopo. Ngozi yaikulu kwambiri ya acupuncture ndi kubooka kwa phapo, zomwe zimachitika singano ikazama pachifuwa, paphewa kapena kumsana cham'mwamba. Pa ululu wa m'chinena palibe chokakamiza kubaya madera amenewo. Ngati mwabayidwako n'kuyamba kubanika, kutsokomola kapena kumva kubaya popuma, pitani kuchipatala msanga ndipo mukanene kuti munabayidwa singano.

Cholakwika china sichioneka pakhungu. Ululu ukachepa, mayi amasiya mapilitsi ndi kupita kuchipatala, pamene chotupa chikukulabe mwakachetechete. Ngati munapezeka ndi chotupa, pitanibe ku sikani pa nthawi imene dokotala ananena.

Zochita kunyumba, ndi nthawi yosiya

Ngati wobaya ali kutali, kapena pakati pa maulendo, mukhoza kudina malo atatu ndi chala chachikulu: SP6, LR3 ndi LI4. Dinani mwamphamvu mozunguliza mpaka mumve kulemera kopiririka, mphindi imodzi pa malo alionse, mbali zonse ziwiri. Yambani masiku asanu msambo usanafike, kawiri pa tsiku, ndipo pa masiku a ululu mukhoza kufika kasanu. Wengani zikhadabo, ndipo musadine pa bala kapena pa mitsempha yotupa ya m'miyendo. Ngati n'kutheka kuti muli ndi pakati, lekani. Onjezerani botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje pa chinena mphindi 15 mpaka 20. Madziwo asakhale owira, ndipo musagone nalo tulo, chifukwa khungu limapsa pang'onopang'ono n'kusiya mawanga.

Pakatha miyezi itatu tsegulani kope lija muyerekeze ndi mwezi woyamba. Onani zinthu zitatu: nambala ya tsiku loipitsitsa, kuchuluka kwa masiku amene munagona, ndi mapilitsi amene munamwa. Ngati ululu watsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mwachitsanzo kuchoka pa 9 kufika pa 6, kapena masiku ogona achoka pa atatu kufika pa limodzi, acupuncture ikukuthandizani. Pamenepo chepetsani maulendo, muzibayidwa kamodzi kapena kawiri pa mlungu wotsala kuti msambo ufike, ndipo mupitirize kulemba kuti muone ngati ululu ukubwerera. Ngati manambala sanasinthe, siyani, ngakhale wobayayo atanena kuti thupi lanu likufuna miyezi ina isanu ndi umodzi.

Kopelo mupite nalo kwa dokotala wa amayi, limuthandize kusankha chotsatira: kusintha njira ya mahomoni, kumwa mapilitsi mosalekeza kuti msambo usamabwere, mafizo a minofu ya m'chiuno, kapena opaleshoni. Amene mukufuna mwana ndipo papita chaka osatenga pakati, kapena miyezi 6 ngati mwapitirira zaka 35, pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa amayi, ndipo abambo apite nawo akayezedwe umuna pa ulendo womwewo.